Helikopita Yovala Malata

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene malume anabwera kuchokera ku Joni ndi helikopita yamaliseche. Ndikutero chifukwa chigoba chake chinaswekera m'chikwama pa ulendo, moti chimene chinafika kwathu ku Nkhulambe anali mafupa okhaokha: kamota, batire, timawaya tofiira ndi takuda, mapiko pamwamba ndi kamchira koonda. Inali ya rimoti. Malume atakankha kandodo ka pa rimotipo, inalira ngati njuchi n'kukwera kupitirira denga la nkhokwe, nkhuku zonse n'kuthawira m'munda wa nandolo. Atayitsitsa anandipatsa rimoti m'manja.

"Ndi yako iyi," anatero. "Koma uyiveke ndisanabwerere. Isamayende chonchi pamaso pa anthu."

Chovala chake ndinali ndikuchidziwa kale. Chaka chomwecho, madzi atasefukira, helikopita yeniyeni inatera pabwalo la sukulu yathu itanyamula matumba a ufa. Inali yoyera, ya mimba yozungulira, ya mawindo kutsogolo. Ndinkafuna yanga ifanane nayo, ndipo iwuluke malume akuona.

Ndinali katswiri wa magalimoto a mawaya, choncho ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya masana amodzi. Ndinadzinamiza. Ndinadula botolo la pulasitiki, n'kulowetsamo mafupa aja, mapiko n'kuyamba kumenya botolo. Ndinalisenga pamwamba, ndiye mphuno inayamba kulemera, helikopita n'kumangolima pansi. Ndikakonza kutsogolo, mchira unkakoka kumbuyo. Choipitsitsa chinali batire. Linkatha ndisanamvetse n'komwe chimene chalakwika, ndiye ndiyambe wapansi kupita kumsika kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola, ndikalitchaje, ndidikire, ndibwerere, ndiyesenso, igwenso. Tsiku lina ndinaponya mpeni patali chifukwa cha mkwiyo, n'kutha madzulo onse ndikuufunafuna m'chinangwa.

Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuyinyamula ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, n'kumasuntha batire mpaka mphuno ndi mchira zitalingana. Miyendo ndinapanga ya mapesi, mawindo n'kujambula ndi makala. Inauluka. Inkapendeka pang'ono, ndipo kunena zoona inkaonekabe kuti ndi botolo, koma inauluka.

Apa m'pamene bambo anga analowererapo. Bambo anali okhoma zidebe, mbaula ndi makeni othirira dimba, ndipo pamsika wonse panalibe wowaposa. Komanso anali mkamwini pamudzi wa amayi, munthu amene ntchito ya manja ake inkayenera kumulankhulira tsiku lililonse. Anatola helikopita ija n'kudina botolo ndi chala, botolo n'kulira khwee.

"Mphatso ya alamu anga ivale botolo lotola kudzala?" anafunsa. "Anthu ati pakhomo pano palibe mmisiri. Bweretsa kuno."

Anasiya zidebe za anthu zikudikira. Anadula lata latsopano, osati zotsalira, n'kulipinda pa chitsulo chawo mpaka mimba itazungulira ndendende ngati ya helikopita ya pasukulu ija. Anaboola mawindo. Anaika ngakhale kachitseko kotseguka ndi kutsekeka. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero chikutuluka m'manja mwa munthu, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuvomereza zimenezi. Koma atandipatsa kuti ndinyamule, mtima unangoti phwii. Ndinali nditazolowera kulemera kwa helikopitayo m'zala zanga, ndipo ichi chinali china.

Ndinayang'ana pansi, monga mwana wolangizidwa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, chalemeratu ichi."

"Eya," anayankha akumwetulira. "Ndiye ubwino wake umenewo."

Kwathu chinthu chimayesedwa m'manja. Munthu akamagula khasu, poto kapena njinga, amayamba wanyamula kaye. Chikapepuka amati n'chabodza, sichimaliza dzinja. Chikalemera amagwedeza mutu n'kuyamba kunenerera mtengo. Makasitomala a bambo akati chidebe chalemera, ankakhala akuwayamikira. Ine ndinkadandaula, iwo anamva kuthokoza, ndipo ndinaona kuti amva choncho. Ndinangowabwezera helikopita ija.

Tinayiyesa Lamulungu titaweruka kutchalitchi, malume atatsala pang'ono kunyamuka. Anthu anadzaza pabwalo, ena akadali ndi mabuku a nyimbo m'manja. Lata linkanyezimira padzuwa. Ndinakankha kandodo, mapiko n'kuzungulira, fumbi n'kubuka, koma helikopita inangonjenjemera pamalo pomwepo. Ndinawonjezera. Inadzikoka chammbali, n'kuzungulira pansi ngati nkhuku yodwala chitopa. Kulira kwa mota kunasintha, kunakhala kopyapyala, kodandaula, ndipo ndinabweza chala.

"Wonjezera moto," anatero bambo. "Ukuyiopa."

Ndinayang'ana malume. Iwo ankadziwa, ndinaona pankhope pawo. Koma mlamu sadzudzula ntchito ya mlamu wake pagulu, ndiye anangopinda manja n'kuyang'ana kuphiri la Michesi ngati kukuchitika zinazake. Ndinakwiya nawo kuposa mmene ndinakwiyira ndi bambo. Ndinakankha kandodo mpaka kumapeto. Helikopita inatukula mwendo umodzi, kampata kongokwana chala, kenaka kunamveka fungo la mawaya opsa. Kautsi kanatulukira pawindo limene bambo anaboola mwaluso lija, mapiko n'kuima.

Mayi wina, pofuna kutipepesa, anati, "Koma kukongola kokha yakongola."

Sindinalire pamenepo. Ndinakalirira kuseri kwa bafa, ndikumenya nsungwi ndi chibakera. Mota wotero sankapezeka pa boma la Phalombe, ngakhale ku Mulanje. Malume ananyamuka mawa lake, ndipo helikopita sinadzaulukenso.

Patapita masiku, ndikuwagwirira lata pamsika, bambo anasiya kukhoma. Sanandiyang'ane.

"Ukanandiuza kuti kulemerako n'koipa," anatero. "Ine za mumlengalenga ndizidziwira kuti?"

Ndinkafuna kukuwa kuti ndinakuuzani, ndinakuuzani tisanayiyese n'komwe. Ndinangogwira lata mwamphamvu mpaka linandicheka chala. Mkwiyo umenewo ndinakhala nawo zaka zambiri, ndipo ndikanena kuti unatheratu ndinama.

Koma ndikamakula ndimaona kuti bambo sanalakwitse kunena. Iwo anapanga chinthu chabwino koposa chimene ankadziwa, ndipo zonse zimene anapangapo pa moyo wawo zinali zokhala pansi, zolimbana ndi moto, madzi ndi dzimbiri. Pabwalo paja eni nkhani tinali atatu: bambo, malume ndi ine. Mmodzi sankadziwa, awiri tinkadziwa, ndipo awirife tinasankha ulemu umene uja wongonena theka la nkhani n'kusiya wamkulu adzimalizire yekha. Ulemu wotero sunawateteze bambo. Unawaimiritsa pakati pa mudzi wa eni ake, utsi ukutuluka m'ntchito yawo.

Masiku ano ndikafuna kutsutsa wamkulu, kaya kuntchito kaya pamudzi, ndimagwadabe, mawu ndimatsitsabe, maso ndimayang'anabe pansi. Chimene ndinasiya ndi kulekezera mawu panjira. Ndikati chalemera, ndimapitiriza mpaka kumapeto: chalemera, bambo, ndipo sichiuluka.