Manja a Poongodi pa Matayala a Amuna Anga

Mkazi amene ndimamudziwa bwino kuposa aliyense mu Coimbatore muno si mayi anga, si apongozi anga. Ndi Poongodi, makaniko wa njinga zamoto, amene amuna anga amamuitana kuti Akka, ndiye kuti achemwali aakulu, chonsecho palibe ubale ndi pang'ono pomwe. Pamaso pake nanenso ndimati "inu Akka". Papepala pano ndingoti Poongodi. Ndamuyang'anitsitsa zaka zinayi, ndipo ndikudziwa ngakhale chala chimene amakandira m'khutu.

Anabadwira m'kanyumba kamalata m'mphepete mwa msewu wa ku Pollachi, kumene bambo ake ankamata machubu. Akuti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anali atayamba kale kumiza chubu m'beseni kufunafuna potuluka thovu. Mlongo wake ndiye amayenera kudzalowa m'malo mwa bambowo, koma anakonda kuthamangitsana ndi anzake pa njinga zamoto pamsewu waukulu, mpaka tsiku lina anthu anabwera naye atamufunditsa nsalu. Poongodi sanazithawe njinga. Ankati wapha mlongo wake ndi msewu, osati liwiro. Wofuna liwiro apite ku bwalo la mpikisano, kumene kulibe ng'ombe, kulibe basi yobwera kutsogolo kwako. Iye mwini anapikisana zaka zinayi mpaka anathyoka dzanja lamanja. Linapola mokhota, moti sangathenso kukoka moto wa njinga mpaka kumapeto. Anatsegula galaja. Sanakwatiwe. Tsitsi amameta lalifupi ngati mnyamata wasukulu, ndipo zikhadabo zake sindinazionepo zoyera.

Ndanena zonsezi kuti mudziwe kuti si wokongola. Bola akanakhala wokongola, ndikanadziwa cholimbana nacho.

Amuna anga, a Kathiravan, amagwira ntchito ku fakitale ya mapampu a madzi. Lamlungu ndi la njinga. Pokambirana za ukwati, makolo anga anauzidwa kuti mnyamatayu samwa, sasuta, amangokonda njinga basi. Ife tinkati ndi njinga yopitira kumsika. Tsiku loyamba kuwaona atavala zovala zachikopa thupi lonse, atagoneka njinga pokhota mpaka bondo kukhula phula, ndinali ndi pakati pa mwana wathu Nila. Ndinasanzira kuseri kwa mpanda. Kuyambira pamenepo, ndikamva ambulansi ya pabwalopo ikuliza injini, ndimachita mantha.

Koma mantha ndi ena, ichi chimene chimandidya ndi china. Loweruka madzulo ndinkawaperekera tiyi kugalaja, Nila ali m'manja, n'kuwapeza ataima pakati pa njinga ziwiri: yabuluu, ya amuna anga, ndi yofiira, ya pagalajapo.

"Yofiirayi ndi nkhunzi, Akka," amatero amuna anga. "Powongoka inde, imang'amba mphepo. Koma ukafika pokhota uichonderere ngati ukupempha tchuthi kwa bwana."

"Ndiwe wofooka m'chiuno basi, Thambi." Ndi mmene Poongodi amawaitanira, kutanthauza mlongo wake wamng'ono. "Yabuluu yakoyo imagona msanga poti ndi yopepuka, koma potuluka pokhota imayamba yatsokomola ngati nkhalamba. Ikamamaliza kutsokomola anzako ali ku Chennai."

"Koma mabuleki ake! Chala chimodzi, yamva kale. Ndi yofatsa."

"Ngati mwini wake. N'chifukwa chake umamaliza wachisanu."

Ndiye kuseka kwake! Zikhatho zikugona uku, zikugona uko, kutsanzira njinga. Kunyumba amuna anga mawu awo ndi "khofi alipo?" ndi "mwana wagona?" Pagalaja amalankhula maola awiri osameza malovu. Ine ndinkakhala pa tayala lakutha, tiyi n'kumazizira, osapeza polowera ngakhale liwu limodzi.

Chimene chinkandibaya kwambiri ndi ichi. Asanalowe mumpikisano, Poongodi amanjuta, n'kuika chikhatho pa tayala lakutsogolo, kenako lakumbuyo. Amuna anga amakhala atakwera kale, galasi la chisoti lili m'mwamba, akumuyang'ana. Iye akagwedeza mutu, iwo amatseka galasi n'kupita. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wa waya ndi mwana wawo. Nthawi zina amandibayibitsa. Nthawi zina amaiwala.

Chaka chathachi, tsiku la Ayudha Puja, lodalitsa zida zogwirira ntchito, linagwa Loweruka, ndipo mawa lake kunali mpikisano umene amuna anga anaudikira zaka zitatu. Atatu oyambirira amakatengedwa kulowa m'timu yokapikisana ku Chennai. Poongodi anali ataika matayala atsopano pa yabuluu. Apongozi anga anakakamira kuti njinga ibwere kunyumba idzadalitsidwe pakhomo pa mwini wake, osati pagalaja pa munthu wina. Aka kanali koyamba ine ndi apongozi kugwirizana chimodzi.

Anaibweretsa pa kalole, poti ilibe nyali, ilibe nambala, siyenda pamsewu. Amuna anga anapita ku mwambo wa kufakitale. Njinga inatsala ndi ine ndekha pakhonde.

Bambo anga ankayendetsa kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu. Chaka chilichonse pa tsikuli ankakatsuka, n'kunyika kansanza m'mafuta a kokonati, n'kupaka matayala mpaka kuchita kuwala bii. Ine ndinkawagwirira botolo. Ndiye ndinkadziwa chochita, sindinafunse munthu. Ndinaitsuka njingayo ngati mwana. Ndinaidontheza timadontho ta sandalo, phala la mtengo wonunkhira, ndi ufa wofiira pathanki ndi pamphumi, n'kuiveka nkhata ya maluwa achikasu. Kenako ndinatenga mafuta anga a m'mutu. Bambo ankapaka m'mbali mokha. Ine ndinafuna kuposa. Ndinapaka paliponse, ndikuzunguza tayala pang'onopang'ono, mpaka m'timizere. Ndinapaka kawiri. Mumtima ndinkati, lero manja ali pa matayalawa ndi anga.

Amuna anga atabwera anaima pachipata. "Ayi ndithu, Malar, yaoneka ngati mkwatibwi!" Anaika ndimu kunsi kwa tayala lililonse, n'kukankha njinga ndi manja mpaka mandimu anaphulika, apongozi akuzunguza nyali ya mwambo. Ndinagawira anthu oyandikana nawo mpunga wokazinga ndi shuga wakuda, mtima uli mbee. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinakondwa chotero m'banja muno.

Lamlungu m'mawa tinafika kubwalo dzuwa litatentha kale. Atangoitsitsa njinga, Poongodi anachotsa nkhata ija n'kuikoleka pamsomali osayang'ana n'komwe. Ananjuta. Anaika chikhatho pa tayala lakutsogolo. Anachichotsa, anachinunkhiza. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana, osati nkhope yanga, koma tsitsi langa.

"Thambi, tsika. Yabuluu sikulowa lero."

"Mwati bwanji?"

"Matayala ali ndi mafuta, agona nawo usiku wonse. Pokhota poyamba pomwepo ukagwa, ndipo onse akumbuyo kwako akakuponda."

Sindinamve mawu otsatira. Ndinamva Nila akulira, ndiye ndinazindikira kuti ndamufinya. Pokhota poyamba ndimapadziwa. Amalowapo anthu makumi awiri ali phewa ndi phewa.

"Mafuta achokera kuti pa matayala atsopano?" Amuna anga anali atavula chisoti.

"Kugalaja," anatero Poongodi. "Ndinawatsamiritsa pa chigubu chodontha. Ndinaiwala kupukuta."

"Munaiwala? Inu? Zaka zitatu, Akka! Tsukani!"

"Kwatsala mphindi khumi. Ndingatsuke pamwamba, koma sindingagwedeze mutu. Ena a saizi imeneyi ndilibe. Kwera yofiira."

Amuna anga, amene sanakwezepo mawu ngakhale kwa galu, anamukalipira pamaso pa anthu onse. Anati n'chifukwa chake galaja yake sikula. Anati wachita dala kuti awakweze nkhunzi yakeyo. Anatchulanso za dzanja lake lokhota. Poongodi ankangopopa tayala la yofiira. Atamaliza anaika chikhatho kutsogolo, kumbuyo, n'kugwedeza mutu. Iwo, ndi ukali wonsewo, anadikirabe mutuwo asanatseke galasi. Ndinaona ndi maso angawa.

Atachoka, Poongodi anandikoka mkono kupita nane kuseri kwa kalole.

"Iwe mtsikana, tambasula dzanja."

Ndinatambasula, ndikuyembekeza kumenyedwa. Anangoligwira n'kuliyang'anitsa m'mwamba.

"Waona kukula kwa chikhatho chakochi? Njinga ikagona pokhota, pamene tayala limagwira phula ndi pochepa kuposa apa. Mwamuna wako yense, ndi mafupa ake, ndi bambo wa kamwanaka, amakhala pamenepa. Ndiye iwe n'kupakapo mafuta ngati ukukazinga dosa pachiwaya!"

"Ndimafuna iwale, Akka. Bambo anga ankatero."

"Bambo ako ankagoneka kagalimoto kawo mpaka bondo pansi?"

"Nanga mwanamiranji?"

"Usaganize kuti ndakukonda. Akanadziwa kuti ndiwe, akanalowa pokhota mutu uli kwa mkazi wake. Wotero sabwerako. Ine angandikwiyire, ukali umathamangitsa njinga. Pukuta mamina, ukuopsa mwana."

Mpikisano ndinauonera m'mipata ya zala. Powongoka yofiira inkawadutsa anzake ngati aima. Pokhota inkawakanira, n'kumapita patali, awiri atatu n'kulowa mkati. Zonse zimene ankakangana pagalaja zija ndinaziona ndekha, ndipo onse awiri ankanena zoona. Anamaliza achinayi. Wachitatu anawaposa ndi kutalika kwa njinga imodzi.

Anabwera ali wefuwefu, maso ali psuu. Sanamuyang'ane Poongodi. Anabwera kwa ine, kwa ine poyamba, n'kunyamula Nila.

"Malar, tiye tizipita. Mawa ndikachotsa zida zanga kugalaja kwake. Kuli mnyamata wina ku Peelamedu amakonza bwino. Ndathana naye mayi ameneyu."

Mulungu andikhululukire, mtima wanga unavina. Zaka zitatu ndikupempha mawu amenewa. Panalibe choti ndichite, kungokhala chete basi. Poongodi sakananena; ndimamudziwa. Anali chapatali akumanga yabuluu ndi zingwe pakalole, akukoka ndi dzanja lamanzere.

Ndinayenda nawo masitepe mwina khumi. Kenako ndinayamba kumuona mnyamata wa ku Peelamedu uja, amene sindimudziwa n'komwe. Ndinamuona akumenya tayala ndi nsapato n'kunena kuti lili bhobho. Amuna anga anagona ndi njinga ija pakhonde, anaikankha ndi manja awo, anaitama kuwala, osamva kanthu. Anyamata anayi anaikweza pakalole, osamva kanthu. Mumzinda wonse uno munali mphuno imodzi yokha imene inanunkhiza.

Ndisaname kuti ndinamumvera chisoni. Ndinachita mantha basi.

"Inu," ndinatero. "Imani kaye. Kugalaja kulibe chigubu chodontha. Nunkhizani tsitsi langa, kenako mukanunkhize tayala."

Anandipatsa Nila. Anapita kukalole, anagwira tayala, ananunkhiza zala. Ndinadikira kuti andikalipire monga anamukalipira iye. Ndinkafuna ndithu. Koma anangobwerera, n'kunena motsitsa kuti, "Sunkadziwa."

Sunkadziwa. Basi. Ngati ndine Nila ndataya mkaka.

Kenako anayenda kupita kwa Poongodi, ndipo pamaso pa anthu omwe aja, ali m'chikopa chawo chothina, anawerama n'kugwira mapazi ake, mapazi a m'mapatapata odzaza girisi. Iye anawakwapula ndi chisanza m'khosi.

"Dzuka, chitsiru, ung'amba chikopa. Ndipo pokhota pachitatu paja umatseka moto msanga. Ndinakuona."

"Imakana kugona, Akka, ndinakuuzani."

"Imakana iwe!"

Anayambiranso pomwepo, zikhatho zikugona uku ndi uko, ngati sipanachitike kanthu.

Ku Chennai sanapite. Akuti ayesanso chaka chino, ndipo akukanganabe ndi Poongodi kuti pa njinga iti. Poongodi ali pagalaja pake, tsitsi layamba imvi cha m'makutumu. Pa Ayudha Puja ikubwerayi wandilola kuveka nkhata ndi kudontheza sandalo, koma anajambula mzere ndi choko pa foloko ya njinga: pamwamba ndi panga, pansi ndi pake. Lamlungu lililonse ndimaima kuseri kwa waya, Nila atandigwira sari. Poongodi amanjuta n'kuika chikhatho. Amuna anga amamuyang'ana. Ndimadana nayo mphindi imeneyo mpaka m'mafupa, koma nanenso maso anga amakhala pa mutu womwewo, ndipo sindipuma mpaka utagwedezeka.