Waya amene ndinamasula m'pulagi ya besi

Inu owerenga, ine ndinaphetsa alamu anga pa tsiku la ukwati wa mwana wawo. Sindinawamenye, sindinawathire mankhwala, ndipo tinali tisanayambanepo. Ndinangomasula waya mmodzi m'pulagi ya ampu, chokuzira mawu a gitala, kenaka n'kukhala chete pa zimene ndinkadziwa. Ndinagwirapo ntchito ya utolankhani kuno ku Nkhotakota, ndipo anatiphunzitsa kuti nkhani iziyamba ndi mfundo yaikulu. Mfundo yake ndi imeneyo.

Alamu angawo anali amuna a achemwali anga aakulu. Tonse tinkawatchula kuti bambo a Tiyanjane, potengera mwana wawo woyamba. Anali mlimi wa mpunga kwa Malengachanzi, koma pa unyamata wawo ankaimba babatoni, besi yopanga okha ija, ya chikopa cha ng'ombe ndi nsambo imodzi, imene woimba amachita kuikhalira. Ndi iwo anandiphunzitsa kumva besi. Ankati ng'oma ndi mapazi a nyimbo, besi ndiye chiuno chake.

Nditasiya za nyuzi, ine ndi anzanga anayi tinayambitsa kagulu koimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Gitala ya besi, yamagetsi, inagwera ine. Ndinapita ku Lilongwe kumene amagulitsa zida zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo sindinagule mwachimbulimbuli. Ndinasankha ya nsambo zinayi chifukwa ya zisanu khosi lake linali lalikulu, zala zanga sizimafika bwino. Ndinaliyang'ana khosilo kuchokera kumutu monga mmisiri amayang'anira thabwa, kuti ndione ngati linali lopindika. Ndinadina nsambo iliyonse pa kachitsulo kalikonse ka pakhosi kumvetsera ngati ikunjenjemera. Ndinagwedeza chingwe polowera kuti ndimve ngati mawu akudukiza. Ampu ndinatenga ya sipika imodzi yaikulu, popeza besi imang'amba timasipika tating'ono. Wogulitsa anatopa nawo mafunso anga. Koma za magetsi sindinafunsepo kanthu.

Ampuyo inachokera ku Joni, ndiye pulagi yake inali ya mano ozungulira, osalowa m'masoketi athu. Ndinapita nayo kwa a Hamisi, bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi msika wa pa boma. Anadula pulagi ija n'kuika yathu ya mano atatu. Akumanga, anandionetsa mawaya atatu: wa bulauni, wa buluu, ndi wobiriwira wa mizere yachikasu, amene amati ethi. Anandifotokozera kuti nsambo za besi zimalumikizana ndi chingwe, chingwecho n'kulumikizana ndi chitsulo cha ampu, kotero kuti wogwira nsambo wagwiranso chitsulocho.

"Wobiriwirayu ndiye khomo lothawira," anatero. "Magetsi akasochera m'katimu amatulukira mwa iyeyu kupita m'nthaka. Mukam'chotsa, khomo lake ndinuyo."

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinauzidwe.

Vuto linayamba titalumikiza ampu yanga ku mikisa, makina osakaniza mawu a zida za gulu lonse. Masipika anayamba kulira phokoso losalekeza, lokhala ngati njuchi zili m'mtsuko. Tikamaimba linkabisika, koma nyimbo ikatha, kapena abusa akamapemphera, aliyense ankalimva. Pa chinkhoswe china mwini mwambo ananena pa maikolofoni kuti oimba athamangitse kaye njuchi zawo, anthu n'kufa nako kuseka. Zinandipweteka. Woimba wina wa ku Dwangwa anandinong'oneza kuti mankhwala ake n'ngosavuta, ndingochotsa ethi. Lolemba m'mawa ndinatsegula pulagi, kumasula kasikuluwu kamodzi, kupinda waya wobiriwira uja n'kumukulunga ndi tepi. Nditayatsa, phokoso lija zii. Anzanga ananditama kuti ndine injiniya. Sindinawauze chimene ndinachita.

Amene amakhala kunyanja kuno akudziwa mmene chinyezi chimadyera chitsulo. Nsambo ndinkazipukuta ndi kansalu tsiku lililonse, komabe zinkachita dzimbiri. M'kati mwa ampu sindinasuzumiremo. Dzinja litatha ndinayamba kumva kunyerenyetsa m'zala ndikagwira nsambo, makamaka ndikaima pasimenti nditavala patapata. Tsiku lina mlomo wanga unakhudza maikolofoni dzanja lili pansambo, ndipo ndinamva ngati andilasa ndi singano. Chimene ndinachita n'chochititsa manyazi kuchilemba. Ndinagula nsapato za mphira wochindikala, n'kupeza thabwa louma lomaimapo. Thabwalo linkayenda ndi zida kulikonse, ndipo anzanga ankaganiza kuti n'zofuna kuoneka wamtali.

Mwezi wa Seputembala ndinapita kwa a Hamisi kukawotcheretsa chingwe, ndipo pocheza ndinatchula za kunyerenyetsako. Anasiya chimene ankagwira n'kundiyang'ana.

"Bwerani nayo mawa nditsegule. Wallahi, musaiyatsenso."

Za waya uja sindinawauze, ndinkaopa kukalipidwa ngati mwana. Komanso inali nyengo ya maukwati, Loweruka lililonse tinali ndi koimba. Ndinadziuza kuti ndidzapita nayo mvula ikayamba.

Ukwati wa Tiyanjane unachitika Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine monga malume ake ndinalonjeza kuti gulu lathu liimba ngati mphatso yanga. Zida tinazikweza pa galimoto ya bokosi m'mawa, ndipo msewu wolowera kumudziko unazigwedeza kwambiri. Madyerero anali pabwalo la pakhomo pa achemwali, pansi pa tenti. Magetsi tinakoka ndi nthambo yaitali kuchokera kugolosale yoyandikana nawo. Monga mwa nthawi zonse m'chilimwe, amayi anawaza madzi pabwalo kuti fumbi lisade chovala cha mkwatibwi. Anawaza m'mawa, anawazanso anthu akuchokera kutchalitchi, ndipo atadya anawaza kachitatu chifukwa ovina anali atalidzutsanso. Patsogolo pa akwati dothi linali lonyowa ndithu. Ine ndinayala thabwa langa n'kuimapo.

Cha m'ma 3 koloko, mwini mwambo analengeza kuti bambo a mkwatibwi apempha kuimbira mwana wawo nyimbo imodzi. Anthu anakuwa, akuluakulu amene ankakumbukira masiku a babatoni anaimirira. Alamu anabwera akumwetulira, atavala suti yakuda, koma kumapazi kulibe kanthu. Nsapato zatsopano zinali zitawatupitsa zala, ndiye anazivula n'kuzisiya pansi pa tebulo.

"Alamu, tabweretsani kuno chinthucho," anatero. "Nsambo zinayi zonsezi n'zachiyani? Ine imodzi yokha ndinkagwedeza nayo mudzi wonse."

Ndinaona mapazi awo. Ndinaona dothi. Ndinawakoleka lamba wa besi paphewa n'kuwauza motsitsa mawu kuti aime pathabwa.

"Pathabwa? Mukundiyesa mwana wa sukulu wolakatula ndakatulo? Ine ndikukaimbira mwana wanga pamaso pake."

Inu owerenga, switchi ya ampu inali pafupi ndi bondo langa. Mawu oti chinthuchi chimagwira magetsi ndi atatu okha. Koma maikolofoni anali oyatsa, akuchimuna anali atakhala kutsogolo, ndipo ndinaganiza za mbiri imene ingamveke yoti zida za gulu lathu n'zoopsa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kungonyerenyetsa basi, achita nthabwala n'kuitula. Alamu anayenda masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi atafungatira thupi la besi, lomwe ndi la mtengo. Anaima patsogolo pa Tiyanjane, anamugwadira pang'ono mwanthabwala, kenaka dzanja lamanzere linagwira khosi la besi pamodzi ndi nsambo zonse.

Sanakuwe. Thupi linauma, mutu unapita kumbuyo, mapewa n'kuyamba kunjenjemera. Sipika inabangula. Anthu ankayesa kuti ndi kavinidwe kawo kakale, ndipo amayi analuluta. Tiyanjane ankaseka atagwira pakamwa. Pabwalo lonselo munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa chimene chinkachitika. Pamene ndinkazula pulagi, nthungululu zinali zisanathe. Alamu anagwa chafufumimba pamapazi a mwana wawo.

Tinathamangira nawo kuchipatala pa galimoto yomwe inanyamula zida ija. Titafika, adokotala anangotsimikiza kuti amwalira kale, mtima unaima. Abale anakana zoti thupi lipimidwe, ankafuna kukaika maliro mwamsanga chifukwa cha kutentha. Mpunga ndi nyama za ukwati n'zimene anadya anthu a pamaliro.

Pano ndiulule cholakwa chachiwiri. Lamulungu m'mawa, anthu ali kalikiliki ndi za bokosi, ndinatsegula pulagi ija n'kubwezeretsa waya wobiriwira pamalo pake. Ndinamanga kasikuluwu bwinobwino, tepi n'kutaya m'chimbudzi. Amene anandifunsa ndinawayankha kuti mwina inali BP.

Koma adzukulu amene anasambitsa thupi anaona timizere takupsa m'zala za alamu, ndipo nkhani inayamba kuyenda. Ena anatchulapo magetsi, koma ambiri anafunsa kuti magetsi ake ndi otani osiya woimba tsiku lonse n'kudzasankha mwini ukwati. Maso onse anatembenukira kwa mlongo wawo wa malemuwo, azakhali a Tiyanjane, mayi wamasiye amene chaka chimenecho anakangana nawo za malire a munda wa mpunga, ndipo kutchalitchi sanabwere. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Pachitsime amayi ankanyamula ndowa zawo iwo akafika. Ana awo ankatchedwa ana a mfiti kusukulu, ndipo denga lawo linagendedwa kawiri. Zonsezi ndinkazimva, ine chete, milungu isanu yathunthu.

Kenaka achemwali anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde akupeta mpunga, atawonda, kumutu kuli mpango wakuda. Anati banja lagwirizana zopita kwa sing'anga kuti akamve amene anadya amuna awo, ndipo sangapite popanda ine.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu. Mutitsogolere."

Ndinadziwa dzina limene likatuluke kumeneko, popeza aliyense anali atalitchula kale. Ndinadziwanso zimene zimawachitikira amayi okalamba dzina lawo likatuluka. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira phokoso lija, waya uja, chenjezo la a Hamisi, mpaka za Lamulungu m'mawa. Achemwali anatula lichero pang'onopang'ono.

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, achemwali."

"Thabwa lija linali la zimenezo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye kuti mapazi anu okha ndi amene anali ofunika."

Sanalire, sanatukwane. Anangoti ndipite ndekha kwa azakhali ndikanene zomwezo pamaso pa anthu. Ndinatero patapita masiku awiri, ndipo ndinapempha a Hamisi kuti abwere adzatsegule ampuyo onse akuona. Anapeza kuti kachitsulo kogwira waya wa magetsi m'kati kanadyeka ndi dzimbiri n'kuthyoka, wayayo n'kutsamira pa chitsulo cha ampu. Anati mwina kugwedezeka kwa pamsewu ndi kumene kunamalizitsa. Anafotokozanso kuti ethi akanakhalapo, fyuzi ikanapsa nthawi yomwe tinayatsa m'mawa, ndipo chimene chikanaonongeka ndi nyimbo basi. Atatha anatolera zida zawo osandiyang'ana. Azakhali aja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati ndachita bwino kunena, koma ana awo anamva kale kuti mayi wawo ndi mfiti, ndipo zimenezo sindingakazichotse m'makutu mwawo.

Nkhani sinapite kupolisi chifukwa achemwali anakana. Anati sakufuna kutayanso wina. Ena amati ndinachita mwayi. Gulu lathu linatha mwezi womwewo, ndipo kuchokera tsiku la ukwatilo sindinagwirenso nsambo.

Inu amene mumaimba m'matchalitchi, m'maukwati ndi m'misonkhano, ndikudziwa kuti zida zathu zambiri n'zakale ndipo timazikonza tokha. Ndaonapo mawaya osenda atalowetsedwa m'soketi, dzenje lachitatu atatsekamo kamtengo. Mukagula ampu, musanaiyatse pagulu, katsegulitseni kwa wodziwa magetsi, ndipo muzibwereza dzinja likatha, makamaka kunyanja kuno. Masipika akamalira phokoso, musachotse ethi. Yambani mwalumikiza zida zonse pa soketi imodzi, sinthani zingwe, zikakanika funsani amisiri, njira zosaopsa zilipo. Munthu wopanda nsapato asagwire gitala yamagetsi pa dothi lonyowa, ngakhale akhale mwini mwambo kapena abusa.

Koma chachikulu n'chakuti nsambo zikangokunyerenyetsani, zimitsani nthawi yomweyo ndipo nenani mokweza kuti aliyense amve. Musadzipezere kanjira kanu kodzitetezera n'kusiya anzanu osadziwa. Ine ndinathawa manyazi a mphindi imodzi. Mwezi wathawu Tiyanjane anachira, mwana wamwamuna, ndipo anamutcha dzina la agogo ake. Ine malume ake a Tiyanjane nkhaniyi ndinaimvera m'minibasi, kwa amayi awiri osandidziwa amene anakhala kumbuyo kwanga.