Ndinapereka Mwana wa Eni Osayang'ana Khadi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, pa sukulu ya mkaka ku Biwi. Yanga inali kuphika phala, kuyala mphasa zogonera ana ndi kuima pageti nthawi yoweruka. Mwana aliyense anali ndi khadi lolembedwa mayina a anthu ololedwa kumutenga. Mwini sukulu anandiuza kuti wosalembedwa pakhadi, ngakhale agwade, mwana asamutenge.

Lachitatu lina kunabwera mayi wachikulire wovala duku, nanena kuti ndi azakhali a Tadala, kamtsikana ka zaka zinayi. Tadala anawathamangira n'kuwakumbatira. Ine ndinakulira ku Dedza, kumene wamkulu sumupanikiza ndi mafunso ngati wakuba, choncho ndinachita manyazi kukatenga khadi. Ndinawanyamulira ndi chikwama chomwe mpaka kumsewu.

Pasanathe ola, mayi ake a Tadala anatulukira pageti. Nditangotchula azakhali, anakhala pansi pafumbi. Banja lawo linali litatha, ndipo akuchimuna anali atalumbira kuti mwanayo adzapita naye kumudzi.

Mwini sukulu anandiitanira muofesi, ndipo sanakalipe n'komwe.

"Pa Chingerezi zimenezi amati neglijensi," anatero. "Sikuti unamuda mwanayo ayi. Panali choti uchite, unkachidziwa, koma sunachite. Akapanda kupezeka, mawu amenewa akalembedwa kupolisi pafupi ndi dzina lako."

Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinkayesa kuti wolekerera mwana ndi munthu wouma mtima, osati ine amene ndinkawapukuta mamina tsiku ndi tsiku.

Tinakwera kabaza ine ndi mayi ake, ulendo wa ku Area 23 kumene azakhaliwo ankakhala. Njira yonse ndinkangopemphera chamumtima. Tinapeza Tadala pakhonde akudya chimanga chootcha, chikwama cha paulendo chomanga kale chili pakhomo. Tikanachedwa pang'ono, tikanapeza atanyamuka. Akuluakuluwo akukangana, ine ndinabereka mwanayo ndi chitenje, ndipo tinabwerera naye.

Ntchito sinandithere, ndipo pageti ndikuimabe mpaka lero. Mwezi watha kunabwera agogo ena aimvi kudzatenga mdzukulu wawo, koma dzina lawo panalibe. Ananditcha wamwano pamaso pa anthu, ndipo zinandiwawa. Ndinawatulutsira mpando kunja, ndinaimbira foni mayi a mwanayo, koma geti sindinawatsegulire.