A Jaji a Kuseri kwa Mpanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikukhala kwa azakhali ku Zomba, pamene nsalu yawo ya kutchalitchi inapezeka itabooka ndi moto. Tinali titasita awiri tsiku limenelo, ine ndi msuweni wanga Esinala, simbi yake imodzi ya makala. Esinala analoza ine, ine ndinaloza iye.

Azakhali sanakalipe. Anangoti, "Tidzakamba akadzabwera bambo ako. Mlandu suwola."

Bambo ankagwira ntchito ku tiyi ku Mulanje, ndipo kubwera kwawo sikunkadziwika. Kuchokera pamenepo nsalu ija inkakhala pamwamba pa kabati, chibowo chake chikundiyang'ana. Kukwaya anandiletsa. Chakudya ndinkadya ndithu, koma sichinkatsika.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala bambo wina wokalamba amene tonse tinkangomutchula kuti a Jaji. Anayambira ukalaliki, kenako umejisitireti m'maboma akutali, mpaka anakafika ku khoti lalikulu la apilo, kumene mlandu ukafika sumapitanso kwina. Ife tinawapeza atapuma ntchito, maso ofooka, akuthirira matimati atavala jekete. Tsiku lina anandimva ndikusisima pa chingwe choyanika zovala, ndipo anazungulira ndi ndodo yawo mpaka pakhomo pathu.

"Mayi, ndibwerekeni mpando ndi ana awiriwa. Mlanduwu utha lero."

"Ii, a Jaji, zazing'onozi? Zidikira bambo ake. Mlandu suwola."

A Jaji anakoka mpando n'kukhala. Kenako anatiuza za munthu wina amene anachita apilo ali kundende. Iwo anaona kuti munthuyo sanalakwe, koma anafuna kuti chigamulo chilembedwe bwino, mawu aliwonse pamalo pake, ndipo milandu ina inali yambiri. Pamene ankachiwerenga, munthuyo anali ataikidwa kale m'manda.

"Mlandu wake unali wosawola ndithu, mayi," anatero. "Amene anawola ndi mwini wake."

Anatifunsa mmodzimmodzi, nayang'ana simbi ija. Chivindikiro chinali chophotchoka, khala likanatha kugwera pansalu kaya akusita ndani. Anagamula kuti tonse awiri tisoke chigamba, ine ndibwerere kukwaya. Madzulo amenewo ndinadya mpaka kunyambita mbale.

Lero ndili ku Bradford, ku Mangalande, m'kanyumba kozizira, ndi mwana wanga Chisomo amene ndikamulankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi. Mlandu wanga wopempha kukhala m'dziko muno wakhala ukuyenda zaka. Ntchito sindiloledwa kugwira. Mwezi wathawu ndinavala bwino, kukwera basi mvula ikuwaza, kukafika kukhoti n'kumva kuti ausunthanso. Loya wanga, mtsikana waulemu, Mulungu amudalitse, anandigwira dzanja n'kuti ndisataye mtima, mapepala onse ali bwino. Ndikudziwa ali bwino. Mapepala sachita imvi.

Ndimayamika: denga lilipo, abale a kutchalitchi amabwera ndi thumba la mpunga, Chisomo akuphunzira. Koma ndatopa, Ambuye akudziwa. Kale ndinkapemphera kuti jaji wa kuno adzandikomere mtima. Masiku ano ndimawapempherera majaji onse, kuti pa mulu wa milandu umene uli patebulo pawo azikumbukira kuti pansi pake pali anthu akupuma.

Ndipo Chisomo akandilakwira, ngakhale nditatopa bwanji, sindinena kuti tidzakamba. Ndimakoka mpando, ndimumve, tithane nazo dzuwa lisanalowe. Kuno m'nyengo yozizira limalowa msanga, ndiye ndimafulumira.