Dalaivala Amene Mafilimu Anamubwezera Lilime

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, a Dalaivala anafuna madzi akumwa, koma liwu loti madzi linawakanika. Anakhala pampando wa pabalaza, mkazi wawo ataima pambali, iwo n'kumangoti, "Ma... ma..."

Mayiwo anathamangira mankhwala. Bambowo anapukusa mutu. Anabweretsa magalasi. Anapukusanso. Atabweretsa malaya, a Dalaivala anaphimba nkhope ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene linkagwirabe ntchito, n'kulira ngati mwana.

Inu amene mukuwerenga, kuti mumvetse kulemera kwa misozi imeneyi, muyenera kudziwa kuti bambowa anali ndani. Anayendetsa basi ya maulendo ataliatali kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anali munthu wa pakamwa. Anthu ena ankalola kudikira pa depoti maola awiri kuti akwere basi yawo, chifukwa ulendo wake unkafupika ndi nthabwala. Kenako m'mawa wina, akumanga zingwe za nsapato, sitiroko inawagwetsa. Dzanja lamanja linafa, mwendo unayamba kukwakwaza pansi, kamwa inapotoka, mawu n'kuthawa.

Mwezi woyamba anzawo a kuntchito ankabwera kudzawazonda. Ankalankhula ndi mkazi wawo ngati mwini wakeyo palibe. "Koma akumva, mlamu?" Iwo ankamva zonse. Mwezi wachiwiri alendo anachepa, wachitatu geti linasiya kulira.

Dokotala anawapatsa timakadi tojambula mphaka, mpira ndi supuni, kuti azitchula tsiku lililonse. A Dalaivala anatiponya pansi pa bedi. Munthu amene ankaseketsa basi yathunthu azilimbana ndi mphaka? Anatembenuzira mpando wawo kukhoma, n'kumakhala choncho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Mwana wawo wamkazi, amene anali ndi saluni yokonzera tsitsi, ndiye anatopa nazo. Loweruka lina anazula tivi ya mu saluni mwake, n'kudzaikhoma pakhoma lomwelo limene bambo ake ankayang'ana.

"Poti mwasankha khoma, bambo, khomalo likhaleko ndi choonera," anatero.

Anaika filimu yakale, ya banja lina lokangana chifukwa cha nyumba ya makolo. A Dalaivala anatseka maso, kusonyeza kuti alibe nazo ntchito. Koma patapita mphindi zochepa, m'filimumo munamveka mawu a mkulu wina, mawu okhuthala, osathamanga. Maso awo anatseguka okha.

Mawu amenewo ankawadziwa. Zaka zonse zija m'basi mwawo munkaonetsedwa mafilimu, koma tivi inali kumbuyo kwa mutu wawo, maso awo ali pamsewu. Mafilimu ambirimbiri anawamva kambirimbiri, osaonako ngakhale imodzi. Ankadziwa mawu a osewera onse, koma nkhope ayi. Ndipo mwa onsewo, amene ankawakonda kwambiri anali mkuluyu. M'maganizo mwawo anali chimphona chamapewa. Pakhomapo anaona kamdala kowonda, kamakutu akuluakulu, katavala jekete yokakulira. Anaseka. Kunali kuseka kopotoka, koma kunali koyamba m'miyezi isanu.

Kamdalako kankasewera ngati mlonda wa pageti. Mnyamata wa m'filimumo anabwera akuthamanga, atakwiya. Kamdala kasanatsegule pakamwa, pabalaza panamveka mawu:

"Khala pansi, mwanawe. Dziko silikuthawa."

Mkazi wawo, amene ankapukuta mbale pakhomo la khitchini, anaima ngati wamenyedwa ndi magetsi. Kenako kamdala ka pa tivi kananena mawu omwewo.

"Bambo, mwati chiyani?" mwana uja anafunsa.

A Dalaivala anayesa kubwereza, koma lilime linali litatsekanso. Anangoloza rimoti ndi chala. Mwanayo anabweza filimu m'mbuyo. Itafikanso pamalo paja, mawu aja anatulukanso, athunthu.

Atamufotokozera dokotala, sanadabwe kwenikweni. Anati zimachitika kuti mawu amene munthu anawaloweza kalekale amatuluka mosavuta kusiyana ndi atsopano. "Ngati khomo latseguka pamenepo, loweranipo," anatero.

Analowerapodi. M'mawa uliwonse akamwa tiyi, a Dalaivala ankakhala patsogolo pa tivi, kalilole wamng'ono atamuimika pa tebulo, rimoti ili kudzanja lamanzere. Wosewera akalankhula, iwo ankaimitsa filimu, kuyang'ana milomo yawo pa kalilole, n'kubwereza. Chiganizo chimodzi chinkatha kuwatengera sabata. Masiku ena lilime linkakaniratu, thukuta lili kamukamu, rimoti n'kuuluka mpaka kukhitchini. Mkazi wawo ankaitola mwakachetechete, kubwezera mabatire, n'kuiikanso pa tebulo ngati palibe chachitika.

Lamlungu masana banja lonse linkaonera limodzi, ndipo mkangano sunkalephera. Mayi ankakonda mtsikana wina wodziwa kulira, mwana wawo ankakonda mnyamata wamtali amene ankakwatira m'filimu iliyonse. A Dalaivala ankapukusa mutu.

"Wamtaliyo... amadikira... nthawi yake yolankhula," anatero tsiku lina, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe m'chitsime. "Kamdala... amamvetsera. Muoneni maso."

Anabweza filimu. Zoonadi, pamene ena ankalankhula, nkhope ya Kamdala inkagwira ntchito. Sankapatsidwa mbali zikuluzikulu. Lero mlonda, mawa wometa, mkuja malume obwera ku ukwati osaitanidwa. Koma filimu ikatha, amene ankatsala m'mutu anali iye.

Panapita zaka ziwiri. A Dalaivala anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka ku golosale, kupereka moni, ngakhale kukalipira agalu. Mawu ankatuluka mochedwa, koma ankatuluka.

Nthawi imeneyo mwana wawo anapeza ganyu yokonza tsitsi la osewera pa kampani ina yojambula mafilimu. Tsiku lina anabwera ndi nkhani yoti kampaniyo ikufuna azibambo achikulire oti asewere m'filimu. Ananena mongocheza, koma m'mawa mwake anapeza bambo ake atavala kale jekete.

Ulendo woyamba atapita kukayesedwa, sanamalize n'chiganizo chomwe. Woyesa anthu anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Pepani bambo, tikufuna olankhula msanga. Wotsatira!" Ulendo wachiwiri anawatenga kuti akhale pa benchi ngati wodikira basi, koma kamera inangojambula msana wawo. Ulendo wachitatu anawapatsa chiganizo chimodzi chathunthu. Anachiloweza kwa milungu itatu. Filimu itatuluka, mkazi wawo anaitana anthu oyandikana nawo, anabwereka mipando, pabalaza panadzaza. Anaonera mpaka mayina a osewera anayamba kukwera. Chiganizo chija anali atachidula. Chimene chinaoneka chinali chigongono chawo chokha, pakona.

"Koma chigongonocho chasewera bwino, achimwene," anatero mnansi wina pofuna kuwatonthoza. Anthu anaseka, iwonso anaseka nawo. Alendo atapita, anavula jekete ija n'kuipereka kwa mkazi wawo.

"Kaisungeni m'sutikesi. Zamanyazi zakwana."

Mayiwo anailandira, koma anaipachika pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Abambo, ine ndinakuonani mukulephera kupempha madzi," anatero. "Lero mukudandaula kuti akudulani mawu. Ndiye kuti mawuwo alipo oti n'kudula. Jekete iyi sikulowa m'sutikesi."

Patatha mwezi, pageti panaima galimoto. Munatuluka mayi wina wamfupi amene anzake ankamutchula kuti Kachipewa, chifukwa chipewa sichinkachoka kumutu kwake. Iyeyu ndiye ankatsogolera kujambula mafilimu pa kampani ija. Atamulowetsa pabalaza, anati ankaonanso zidutswa za filimu zimene zinatayidwa, ndipo anaima pa chidutswa cha a Dalaivala.

"Sindinabwere chifukwa cha chiganizo chija, bambo," anatero. "Ndabwera chifukwa cha zimene munkachita mnzanuyo akulankhula. Aliyense m'chipindamo ankadikira nthawi yake. Inu nokha munkamvetsera. Munaziphunzira kuti?"

A Dalaivala analoza tivi pakhoma.

Mbali imene anawapatsa inali ya telala wokalamba amene anathamangitsa mwana wake wamkazi pakhomo, ndipo mwanayo akubwerera patapita zaka khumi. Mbali zambiri anazijambula bwinobwino. Koma panali malo amodzi amene filimu yonse inatsamirapo: mwanayo waima pakhomo la shopu ndi chikwama m'manja, telala n'kudzutsa mutu pa makina osokera, n'kunena kuti, "Mwanangu, lowa. Ndinalakwa ndine."

Tsiku lojambula malowa, m'chipinda munali motentha chifukwa cha magetsi akuluakulu, anthu oposa makumi awiri ali chete kuseri kwa kamera. A Dalaivala anadzutsa mutu, kutsegula pakamwa, ndipo liwu loti mwanangu linakakamira pakhosi. Anayesanso. Linakana. Kachisanu, kachisanu ndi chitatu, chimodzimodzi. Anaona wonyamula maikolofoni akusintha mkono chifukwa chotopa. Anaona mwana wawo weniweni ali pakona ndi chipeso m'manja, akuluma mlomo. Anatenga ndodo yawo.

"Pezani wina, mayi. Ndikukuwonongerani ntchito."

Kachipewa anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Analankhula motsitsa, kuti ena asamve.

"Bambo, munthu amene wasunga mawu amenewa zaka khumi, mukuganiza kuti angatuluke mosavuta? Musalimbane nalo lilime. Likakana, dikirani. Kamera sitizimitsa mpaka mutamaliza, ngakhale kutenge tsiku lonse."

Anabwerera pa makina aja. Mtsikana wosewera ngati mwana wawo anaimanso pakhomo. A Dalaivala anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Milomo inanjenjemera, liwu osatuluka. Anadikira. Dzanja lawo lamanzere linafinya nsalu imene inali pa makina. Mtsikana uja, amene anauzidwa kuti adzalire pambuyo pake, misozi inayamba kutsika yokha, chikwama n'kumupulumuka m'manja.

"Mwa... mwanangu," anatero a Dalaivala. "Lowa." Anapuma kaye. "Ndinalakwa... ndine."

Kachipewa anaiwala kulamula kuti kamera iime. Wojambula anachita kumugwira paphewa.

Malo amenewo sanawadule ngakhale pang'ono. Filimu itayamba kuonetsedwa, anthu ankatuluka mu holo maso ali ofiira, ndipo amene ankamukamba panjira sanali mnyamata wooneka bwino kapena mtsikana wovala zodula. Ankakamba za telala. A Dalaivala anaitanidwa m'mafilimu ena anayi. Dzanja lamanja silinachire, mwendo ukukwakwazabe mpaka lero, ndipo akatopa mawu amawathawabe. Koma tsopano otsogolera mafilimu amawadikira.

Tsiku lina masana ali pa golosale, bambo wina wa msinkhu wawo, wovala ovolosi ya umakaniko, anawayang'anitsitsa, kenako anavula chipewa.

"Pepani achimwene, si inu telala uja?"

"Ndine... koma kusoka sindidziwa."

Makanikoyo sanaseke. Anasisita chipewa chake ndi zala zakuda ndi oilo.

"Ine ndili ndi mwana wamkazi. Tinayambana, zaka zisanu ndi ziwiri osalankhulana. Filimu yanu ndinaionera katatu. Kachitatuko nditatuluka ndinamuimbira foni. Mawu anandikanika ngati inu muja, koma ndinadikira mpaka anatuluka."

"Anayankha?"

"Anayankha. Akubwera Loweruka, ndi adzukulu awiri amene sindinawaonepo."

A Dalaivala anapachika ndodo pa mkono wawo wofooka, n'kugwira dzanja la munthuyo, oilo ndi zonse. Anakhala choncho kanthawi, onse awiri akuyang'ana kumbali ngati mmene amachitira amuna akamabisa misozi.

"Ndiye mukutani pano?" anatero pomaliza. "Pitani... mukasese pakhomo."

Mnzanga amene ukuwerenga, sindikudziwa chimene chakugwetsa. Mwina ndi matenda, mwina ntchito inatha, mwina wayesa katatu ndipo chaoneka n'chigongono chokha. Mwina uli pampando, wayang'ana kukhoma, ndipo geti linasiya kulira. Sindikulonjeza kuti zonse zimene unataya zidzabwerera, pakuti kwa bambowa sizinabwerere zonse. Koma chimene chatsalacho, ngakhale chikhale chochedwa, chopotoka, chotsimphina, pali wina amene akuchidikira, ndipo sungadziwe kuti chidzatsegula khomo la ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero likakana, puma, mawa uyesenso. Mtima wakowo usauponye pansi.