Mphete ya Chitsulo Chakumwamba

Bambo anga anali owotcherera zitsulo, ndipo mumsewu wathu onse ankangowatchula kuti a Mageti, chifukwa cha mageti amene ankapanga. Sanali olankhulalankhula. Anakwatira mayi popanda mphete, ndipo nkhaniyo inkawadya mumtima ngakhale mayiwo sankaitchula.

Pakhomo la shedi yawo panali chimwala chakuda chimene anachifukula pokumba maziko. Chinali cholemera modabwitsa, choncho ankatsekerezera chitseko. Tsiku lina maginito anawapulumuka m'manja n'kukamatirira pamwalapo. Atapala ndi tupa, mkati munawala ngati mpeni watsopano.

Mphunzitsi wina wa sayansi, amene anabwera kudzawotcheretsa njinga, anauyang'anitsitsa n'kuwauza kuti umaoneka ngati mwala wogwa kuchokera kumwamba, chitsulo chosakanikirana ndi china chotchedwa nikelo. Anati adule kachidutswa, akasalalitse, adonthezepo asidi. Atatero panatuluka timizere topingasana, tokongola ngati nsalu yoluka.

Bambo anayamba kuchedwa kuweruka. Mayi akafunsa, ankangoti ntchito yachuluka. Kenako tsiku lina masana anaika mphete patebulo, pambali pa kapu ya mayi, n'kumayang'ana kuwindo ngati si iwo.

Mayi anaseka mpaka misozi, amvekere atakalamba kale ndiye akufunsiridwa. Anaivala pomwepo.

Koma khungu lawo silinagwirizane ndi nikeloyo. Chala chinayamba kuyabwa, chinatuluka nsungu, chinatupa. Iwo anabisa. Bambo akalowa, dzanja linkathawira m'thumba la epuloni. Bambo anadzawagwira akuchapa, sopo akuwaluma pachilondapo.

"Mayi a ana, bwanji osanena?"

"Ndimaopa kuti mundilanda."

Bambo anakhala pampando, dzanja la mayi lili m'manja mwawo. Kenako anawavula mpheteyo pang'onopang'ono ndi thovu la sopo lomwelo.

Anakagula supuni yakale yasiliva, anaisula mpaka kupyapyala, n'kukuta nayo mkati mwa mpheteyo. Inachepa, moti inkangolowa kuchala chaching'ono, ndipo mayi anati kumeneko n'kumene imakhala bwino.

Maso a bambo atafooka ndi kuwala kwa moto wowotcherera, anasiya ntchito. Chitsulo chimenechi sichichedwa kuchita dzimbiri, ndiye Loweruka lililonse ankaitanitsa mpheteyo n'kuipukuta ndi kansalu ka mafuta, akuifufuza ndi zala. Mayi ankakhala pambali pawo, dzanja lili chitambasulire, akuwadandaulira kuti amachedwetsa dala.