Akhukhi a ku Chibanja

Edina sasiya kudabwa nawo abambo achikulire oyandikana nawo nyumba ku Chibanja. Abambowa anaphikira azungu zaka makumi awiri, komabe zam'chitini sazikhudza. Mtedza amasinja okha, chidulo amapanga okha ndi phulusa. "Chakudya chosadziwika kwawo, ine ayi," amatero.

Tsiku lina Edina anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa choiwala khadi la chipani, apongozi ake ali m'njira kuchokera ku Dedza, m'nyumba mulibe ndiwo. Abambowo atamupeza atagwira tsaya, anangozungulira kuseri kwa nyumba, nathyola chigwada, nachisinja, nachitendera, namupatsa. Apongozi ananyambita zala mpaka kufunsa ngati chatsalako.

Edina atapita kukathokoza, iwo anayang'ana uku ndi uku, nanong'ona: "Yewo, mama. Chigwada sichifunsa khadi."